Nyimbo za ku Japan zoyamba ndi "sa", ndi chifukwa chake zili m'khola limodzi

Mukatsegula mndandanda wa nyimbo zotchuka za ku Japan n'kupita pamene pali liwu loti "sa", mupezapo mitu yomwe ndi maso simungavomere kuti ndi ya khola limodzi. Wina ukuyamba ndi nambala 3. Wina walembedwa m'zilembo zathu zomwezi, SAKURA. Wina ndi chizindikiro chimodzi chokha chochokera ku China, 桜. Palinso wina umene, ukalembedwa m'zilembo za Chilatini, ukuyamba ndi Z, ndi wina wa Chingerezi chenicheni, Silent Majority. Mjapani akafuna iliyonse mwa nyimbozi amapita pa tsamba limodzimodzi, ndipo sasochera.

Chifukwa chake n'chakuti ku Japan sasanja mawu potengera kalembedwe. Amasanja potengera katchulidwe. Diso lione zomwe laona, koma wogamula mlandu ndi khutu.

Kuti izi zimveke, tiyambire m'kalasi. Mwana wa Sitandade 1 kwathu amaphunzira kuwerenga poloweza maphatikizo: a e i o u, ba be bi bo bu. Mnzake wa ku Osaka amalowezanso maphatikizo, kungoti ake amayenda motere: a i u e o, ka ki ku ke ko, sa shi su se so. Chichewa ndi Chijapani si zachibale ngakhale pang'ono, koma zimaumba mawu mofananirako, lembo lopanda liwu kutsogolo, la liwu pambuyo. Kusiyana kwake n'kwakuti ife "sa" timamulemba ndi malembo awiri, pomwe iwo ali ndi chizindikiro chimodzi choimira phatikizo lonselo. Zizindikiro zotere amazitcha kana, ndipo zofunika masiku ano zilipo 46. Amaziika pa tchati chotchedwa gojūon, kutanthauza maliwu 50, chifukwa tchaticho chili ndi mizere 10 ya malo asanuasanu, ngakhale malo ena ndi opanda kanthu. Mizereyo imatsatana chonchi: a, ka, sa, ta, na, ha, ma, ya, ra, wa, kenako n payekha kumapeto.

Dongosololi silinagwe kumwamba. Ansembe a Chibuda amene ankaphunzira malemba opatulika ochokera ku India anatengera kasanjidwe ka zilembo za Sanskrit, komwe malembo a liwu amayamba, kenako opanda liwu amatsatana kuchokera kummero mpaka kumilomo. Mzere wa "ha" uli pamene uli chifukwa kalekale unkatchulidwa ndi milomo, ngati "pa". Panalinso dongosolo lina lakale lotchedwa iroha, lochokera m'ndakatulo yomwe ili ndi kana aliyense kamodzi kokha, ndipo zolembedwa zakale kwambiri za ndakatuloyi ndi za mu 1079. Madikishonale anasiya kutsata iroha, koma oyimba sanaitaye: manotsi omwe Azungu amati A, B, C, D, E, F, G, ku Japan ndi i, ro, ha, ni, ho, he, to.

Pali lamulo limodzi lomwe limasokoneza alendo. Maliwu ngati ga, za, da ndi ba alibe mizere yawoyawo. Amalembedwa ndi chizindikiro cha ka, sa, ta kapena ha, n'kuwonjezerapo timizere tiwiri pamwamba. Motero posanja, za ndi mwana wa sa, ga ndi mwana wa ka, ji amakhala kwa shi. N'chifukwa chake Zankoku na Tenshi no Tēze, yomwe Yoko Takahashi anayimba mu 1995 ngati nyimbo yotsegulira makatuni a Neon Genesis Evangelion, imapezeka pa "sa". Nyimboyi anthu sakuileka mpaka lero m'makaraoke, malo amene munthu amayimba yekha mawu a nyimbo makina akuliza zoyimbira zake, ndipo ambiri oyiyimba anabadwa itatuluka kale.

Nanga n'chifukwa chiyani sangosanja potengera kalembedwe? Chifukwa Chijapani chimalembedwa m'njira zinayi nthawi imodzi. Pali hiragana, kana wozungulirazungulira. Pali katakana, kana wamakona yemwe kawirikawiri amalembera mawu obwereka. Pali kanji, zizindikiro za ku China, zomwe mwana amaphunzira zoposa 2,000 pofika pomaliza sekondale. Ndiye palinso zilembo za Chilatini, zomwe oyimba amazikonda zedi. Kanji ndiye mutu waukulu, popeza chizindikiro chimodzi chimatha kutchulidwa mosiyanasiyana. Tengani 紅, chomwe chimanena za mtundu wofiira. Gulu la X Japan lili ndi nyimbo ya mu 1989 yomwe mutu wake ndi chizindikiro chimenechi chokha, ndipo chimatchulidwa Kurenai. Chomwecho ndi choyamba pa mutu wa nyimbo ya LiSA ya mu 2019, koma pamenepo chikutchulidwa "gu", Gurenge. N'chomwechonso chili kutsogolo kwa dzina la pulogalamu yaikulu ya nyimbo yomwe wailesi ya NHK imaulutsa usiku wa pa 31 Disembala, ndipo apo ndi "kō", Kōhaku. Munthu wosadziwa katchulidwe ka mutu wa nyimbo sangaipeze pa mndandanda, ngakhale atauona ndi maso ake. N'chifukwa chake ngakhale mafomu a kubanki ndi kuchipatala ku Japan amakhala ndi kampata pamwamba pa dzina koti ulembemo katchulidwe kake m'kana.

Chomwe chinachititsa kuti munthu wamba azidziwa nyimbo potengera liwu loyamba ndi karaoke. Makina oyamba anapangidwa ndi anthu angapo payekhapayekha, mwa iwo Shigeichi Negishi ku Tokyo mu 1967 ndi Daisuke Inoue, woyimba wa m'malo achisangalalo ku Kobe, mu 1971. M'zaka za m'ma 1980 kunabwera tizipinda tochita lendi pa ola, momwe anthu amadzitsekera ndi anzawo n'kumayimba popanda alendo owaseka. Mu 1992 nyimbo zinayamba kufika m'makinawo kudzera pa mawaya a telefoni m'malo mwa zimbale, ndipo chiwerengero cha nyimbo chinakwera mpaka masauzande ambirimbiri. Nyimbo iliyonse inali ndi nambala yake. Kuti uipeze nambalayo, unkatsegula chibuku chokhuthala chomwe chinkakhala patebulo, chosanjidwa pawiri: mbali ina mayina a oyimba, mbali ina mitu ya nyimbo, zonse motsata a i u e o. Mnzako akuyimba, iwe uli pakalapakala ndi masamba kufuna yako isanathe yake. Makampani aakulu awiri omwe alipo lero, Daiichikosho wa makina a DAM ndi Xing wa JOYSOUND, anasintha mabukuwo n'kuika timakompyuta togwira m'manja, koma kafufuzidwe n'komweko: umadina kana woyamba, wachiwiri, wachitatu, mndandanda n'kumachepa.

Amene anatsegulapo mabukuwa anaona chinthu chomwe sichioneka nyimbo zikasanjidwa potengera chaka kapena woyimba. Maliwu ena ali ndi masamba ochepa, ena adzaza tho. Ndipo mkati mwa liwu limodzi, mitu imaunjikana pa mawu owerengeka. Pa "sa", mulu waukulu ndi sakura.

Sakura ndi maluwa a mtengo wa tcheri. Nyimbo yakale yotchedwa Sakura Sakura mwana aliyense ku Japan amaidziwa, koma chigumula chenicheni cha nyimbo za sakura chinabwera chaka cha 2000 chitakwana. Masaharu Fukuyama anatulutsa Sakurazaka mu 2000, dzina la kamtunda kena ka m'dera la Ōta ku Tokyo, ndipo makope oposa 2 miliyoni anagulidwa. Hikaru Utada anabwera ndi Sakura Drops mu 2002. Mu 2003 Naotarō Moriyama anatulutsa Sakura, mawu ake okha ndi piyano, n'kugulitsa makope oposa miliyoni. Chaka cha 2005 chokha kunatuluka Sakura ya Ketsumeishi, Sakura Sake ya Arashi ndi Sakura ya Kobukuro. Mu 2006 Ikimonogakari anayamba ntchito yawo pansi pa kampani yaikulu ndi SAKURA, pomwe AKB48 anatulutsa nyimbo yawo yoyamba, Sakura no Hanabiratachi.

Taonani mmene analembera. Moriyama ndi Ketsumeishi anasankha hiragana, さくら, yemwe kwa Mjapani amaoneka wofewa. Kobukuro anasankha kanji, 桜. Arashi anatenga katakana, サクラ. Ikimonogakari anapita ku zilembo za Chilatini. Kalembedwe kanayi, mawu amodzi, tsamba limodzi. Pachikuto cha chimbale kusiyanaku kumathandiza kuti nyimbo ikhale ndi nkhope yake, koma m'buku la karaoke kumatha mphamvu, n'chifukwa chake mabukuwo ankalemba dzina la woyimba ndi mawu oyambirira a nyimbo pambali pa mutu uliwonse. Popanda zimenezo munthu akanadina Sakura ya mwakachetechete ya Moriyama n'kulandira ya Ketsumeishi yomwe ili ndi rapu.

Funso n'lakuti bwanji duwa limodzi likhale ndi nyimbo zochuluka chotere. Kukongola kokha sikukwanira kufotokoza, pakuti maluwa okongola ku Japan ndi mbwee. Yankho lili pa kalendala. Chaka cha boma cha zachuma chimayamba pa 1 Epulo kuyambira mu 1886, ndipo sukulu ndi makampani ambiri zinatsata pomwepo. Ophunzira amamaliza sukulu mu Malichi. Mu Epulo ena amalowa sukulu zatsopano, ena amayamba ntchito, ena amasamutsidwa kupita kumizinda yakutali. Masabata omwewo ndi amene sakura amachita maluwa m'madera ambiri, kuyambira kummwera ku Kyushu chakumapeto kwa Malichi n'kumakwera mpaka kukafika ku Hokkaido chakumapeto kwa Epulo ndi kumayambiriro kwa Meyi. Mitengo yambiri yobzalidwa m'masukulu ndi m'mbali mwa mitsinje ndi ya mtundu wa Somei Yoshino, womwe amauchulukitsa pomezanitsa, osati ndi njere. Mitengoyo ili ngati mtengo umodzi wodulidwa zidutswa, choncho m'dera limodzi imachita maluwa limodzi n'kuyoyoka limodzi, zonse m'masabata osapitirira awiri. Nthambi ya boma yoona zanyengo imachita kulengeza tsiku lomwe maluwa ayamba, ndipo ku Tokyo imayang'anira mtengo wina wapadera wa pa kachisi wa Yasukuni.

Ndiye munthu wa ku Japan akakumbukira tsiku lomwe anasiyana ndi anzake a kusukulu, kapena lomwe anatsanzikana ndi makolo pa siteshoni ya sitima, m'chikumbumtimamo muli maluwa akuyoyoka. Wolemba nyimbo akangoika mawu oti sakura pa mutu, omvera amakhala atamuchitira kale theka la ntchito.

Apa mpamene malonda amalowerera, ndipo ine sindiona chifukwa chowabisira. Nyimbo ya sakura ikagwira mitima, imabweranso Malichi aliyense: pa wailesi, m'masitolo, pa miyambo yomaliza sukulu, m'makaraoke a maphwando otsanzikana. Makampani a zimbale anaona zomwe Fukuyama ndi Moriyama anakolola, ndipo kwa zaka zingapo zinali ngati woyimba aliyense ayenera kukhala ndi sakura wake. Zina mwa nyimbozi ndi zabwino kwambiri. Zambiri n'zongobwereza zomwezomwezo, maluwa kugwa, kulonjezana kudzaonananso, misozi pang'ono. Ya Kobukuro imandisangalatsa pa chifukwa china: inatuluka mu Novembala, mitengo ili yopanda ndi duwa lomwe, koma inagulidwabe kwambiri.

Duwali lilinso ndi mbiri yolemera yomwe nyimbo za achinyamata sizitchula. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, boma linkayerekeza msilikali wofera mfumu ndi sakura woyoyoka akadali wokongola. Kandege kodzaza mabomba komwe woyendetsa ankakagwetsa dala pa sitima zapamadzi za adani mu 1945 kanapatsidwa dzina loti Ōka, duwa la tcheri. Dzinalo limalembedwa ndi 桜 yemweyo, koma chifukwa likutchulidwa "ō", malo ake ndi kwina, mumzere woyamba.

Pamenepa tafika pa malire a mndandanda wotere. Umasonkhanitsa zinthu, komanso umabisa zina. M'Chijapani, mawu akalumikizidwa kumbuyo kwa ena, liwu lake loyamba nthawi zambiri limalemera, sakura n'kukhala zakura. Yozakura Oshichi ya Fuyumi Sakamoto ya mu 1994, yonena za sakura wa usiku, ili pa "yo". Senbonzakura ya mu 2011, yoyimbidwa ndi mawu a pakompyuta a Hatsune Miku, ili pa "se". Wowerenga nyimbo za sakura poyang'ana pa "sa" pokha apereweza.

Sakura akatha, tsamba la "sa" limapitirira. Pali sayonara, mawu otsanzikira, monga Sayonara ya gulu la Off Course ya mu 1979. Pali sake, mowa, womwe ndi chakudya cha nyimbo za enka, zachikale zodandaula zomwe akuluakulu amakonda, monga Sake yo ya Ikuzō Yoshi ya mu 1988. Palinso Satōkibi Batake, munda wa nzimbe, yolembedwa ndi Naohiko Terashima, yonena za mwana amene bambo ake anafera pa nkhondo ya ku Okinawa mu 1945. Amene anaitchukitsa kwambiri ndi Ryoko Moriyama, mayi ake a Naotarō uja, moti mayi ndi mwana amakumana pa liwu limodzi.

Manambala nawo amatsata khutu. Nambala 3 ndi "san", choncho Sangatsu Kokonoka, kutanthauza pa 9 Malichi, ya gulu la Remioromen ya mu 2004, ili pomwepa ngakhale mutu wake ukuyamba ndi 3. Inalembedwera ukwati wa mnzawo, koma masukulu anailanda n'kuisandutsa nyimbo yomalizira sukulu. 365 amatchulidwa sanbyaku rokujūgo, motero nyimbo yoguba ya masitepe 365 ya Kiyoko Suizenji ya mu 1968 ndi ya AKB48 ya mu 2015 yonena za kandege kapepala ka masiku 365 zimakhala moyandikana, ngakhale pakati pawo pali zaka 47.

Mawu akunja amasanjidwa monga Mjapani amawatchulira, osati monga eni ake amawalembera. Silent amakhala sairento, n'chifukwa chake Silent Majority ya Keyakizaka46 ya mu 2016 ili pa "sa". Summer ndi samā, thank you ndi sankyū, zonse pomwepo. Anzathu a ku Tete ndi ku Angónia angazindikire mutu wa nyimbo ya Porno Graffitti ya mu 2000, Saudade, mawu a Chipwitikizi onena za kupukwa, omwe Ajapani anawalemba motsata katchulidwe ka ku Brazil, saudāji.

Maliwu ena ali ndi milu yawo. Pa "a" pali ai, chikondi, monga Ai Sansan ya Hibari Misora ya mu 1986 ndi Ai wa Katsu ya KAN ya mu 1990. Pomwepo pali ame, mvula, ndi aoi, mtundu wa buluu, ndi anata, inu, ndi ashita, mawa. I LOVE YOU ya Yutaka Ozaki ilinso pa "ai", chifukwa ndi momwe I amamvekera, chimodzimodzi Idol ya YOASOBI ya mu 2023, yomwe kwawo ndi aidoru. Pa "ko" pali koi, chikondi cha munthu amene mtima ukumuwawa chifukwa chofuna wina, kuyambira Koi no Kisetsu ya mu 1968 mpaka Koi ya Gen Hoshino ya mu 2016. Pa "ki" pali kimi, iwe, ndipo nyimbo ya fuko lawo, Kimigayo, imakhala pakati pa nyimbo zachikondi popanda ulemu wapadera. Pa "yu" pali yuki, chipale chofewa, ndi yume, maloto.

Nyimbo ya ku Japan yodziwika kwambiri kunja ili ndi malo awiri. Kyu Sakamoto anaitulutsa mu 1961 ndi mutu woti Ue o Muite Arukō, ndiyende nditayang'ana kumwamba, ndipo kwawo ili pa "u". Itafika ku Britain ndi ku America, ogulitsa anaipatsa dzina loti Sukiyaki, lomwe ndi ndiwo ya nyama ya ng'ombe yosakhudzana n'komwe ndi nyimboyo, chabe chifukwa Azungu ankatha kulitchula. Ndi dzina limenelo inafika pa nambala 1 pa tchati cha Billboard cha nyimbo zotchuka ku America mu Juni 1963. 

Mzere wodabwitsa ndi wa "ra". Mawu enieni a Chijapani chakale sankayamba ndi liwu limeneli, choncho zambiri zomwe zili pamenepo n'zobwereka, kaya ku China kaya kwa Azungu. Ndipo popeza Chijapani sichisiyanitsa l ndi r, zomwe Mchewa sangadabwe nazo, mitu yonse yoyamba ndi love imagwera pa "ra" ngati rabu: Love Story wa Totsuzen ni ya Kazumasa Oda ya mu 1991, LOVE LOVE LOVE ya Dreams Come True ya mu 1995, LOVE Machine ya Morning Musume ya mu 1999. Lemon ya Kenshi Yonezu ya mu 2018 ili pa "re". First Love ya Utada ili kwina, pa "fu" mumzere wa "ha", ndipo Automatic yake ili pa "o", osati pa "a".

Kumapeto kwenikweni kwa tchati kuli n, ndipo pamenepo m'mbale mulibe kanthu, chifukwa mawu wamba a Chijapani sayamba ndi n wopanda lembo la liwu monga amachitira nsima kapena ndalama. Pali masewera otchedwa shiritori, momwe wina amatchula mawu ndipo mnzake ayenera kupeza oyamba ndi phatikizo lomaliza la mawuwo. Anthu amawasewera ndi mitu ya nyimbo pa maulendo ataliatali, Sakura kenako nyimbo ya "ra", ndipo apa mpamene ma rabu onse aja amapulumutsa munthu. Wotchula mawu othera ndi n waluza, popeza wamusiya mnzake opanda poyambira. Tsoka kwa amene wakokera Lemon. Ochenjera ena amayesa kupitiriza masewerawo potchula likulu la dziko la Chad, N'Djamena, koma pa masewera a nyimbo dzina la mzinda silithandiza.